Mwini Bandi Ndani?

M'mphepete mwa msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Ntaja, m'boma la Machinga, muli mudzi wina momwe mumakhala mkulu amene adagwira choko zaka zoposa 30 asadapume pantchito yauphunzitsi. Chuma chake n'chosavuta kuwerenga: njinga yakapalasa, mbuzi zinayi, munda wa chimanga ndi nandolo, ndiponso katoni imodzi imene imakhala kunsi kwa kama. M'katonimo muli makaseti. Ena zikuto zawo zidasweka, ena mapepala awo adafufuma ndi chinyontho kotero kuti nkhope za oimba zidasanduka mithunzi chabe. Wailesi yoimbira makasetiwo idafa kalekale ndipo amisiri a pa Liwonde adaikanika. Mkazi wake wakhala akudandaula kuti katoniyo ingoweta mphemvu, koma nthawi zonse mkuluyo amangoyankha kuti, "Mayi, isiyeni katoniyo, muli anthu m'menemo."

Anthu amene iye amanenawo ndi anyamata a ku Balaka amene adapanga Alleluya Band, pamodzi ndi ena onse amene adakulira m'manja mwa bandiyo. Kuti zimveke bwino chifukwa chimene munthu wamkulu, wa imvi zake, amakakamira zinthu zoti sangathe n'kuzimvera komwe, nkoyenera kubwerera ku ubwana wake.

Iye adakula nthawi imene Balaka sidali boma paokha. Kufikira m'chaka cha 1998 dera lonselo lidali mbali ya boma la Machinga, lomwe makolo ankalitchula kuti Kasupe. Balaka yeniyeniyo idali siteshoni ya sitima, malo otentha, afumbi, a milambe ndi minda ya thonje, kumene apaulendo ankangotsika kuti agule nzimbe ndi kumwa madzi. Palibe amene ankaganiza kuti kuchokera pafumbi limenelo padzatuluka nyimbo zoti dziko lonse n'kuvina. Kwawo kwa mnyamatayo, kutsidya kwa mtsinje wa Shire, nyimbo zidali za manganje pa nthawi ya zinamwali, ndi beni. Beniyo ngwochititsa chidwi, pakuti dzina lake lomwe lidachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza bandi. Adabwera naye ndi asilikali amene adabwerako ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse, atasirira mabandi a malipenga a azungu, nayamba kuwatsanzira ndi ng'oma zachikopa, mapinto ndi mayunifolomu osoka okha. Choncho bandi yoyamba imene mnyamatayo adaiona idali ya pabwalo la mfumu, yopanda waya ngakhale mmodzi.

Ali mu Sitandade 6 adadzipangira gitala. Adatola chigaloni cha mafuta, nachiboola pakati, n'kulowetsamo thabwa la mlombwa limene adapempha kwa kalipentala. Nsambo zake zidali mawaya a mabuleki a njinga. Madzulo ankakhala pachulu kuseri kwa khola n'kumatsanzira zimene wamva pa wailesi ya oyandikana nawo. Masiku amenewo wailesi m'Malawi idali imodzi yokha, ya MBC, ndipo wailesi yakanema kudalibe mpaka mu 1999. Woimba wofuna kumveka ankayenera kukajambulitsa ku wailesi yomweyo, nyimbo zake n'kudutsa m'makutu mwa anthu osefa amene ankaopa mawu alionse okhala ngati akuloza boma chala. Mabandi okhala ndi zipangizo zamagetsi zokwanira ambiri adali a mabungwe akuluakulu, monga MBC Band, Police Orchestra ndi bandi ya asilikali, kapena oimba m'mahotela a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mwana wa kumudzi ankadziwa kuti gitala yamagetsi ndi chinthu cha m'tauni, monga momwe ndege ilili chinthu cha mumlengalenga.

Alleluya Band idaphwanya maganizo amenewo. Idayamba m'chaka cha 1978 pa parishi ya Akatolika ya Balaka, pakati pa achinyamata oimba kutchalitchi, ndipo mtsogoleri wawo pa zoimba adali Paul Banda wa m'mudzi wa Sosola. Amene adawagwira dzanja ndi wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Italy, Bambo Mario Pacifici. Wansembeyu adaona kuti anyamatawo luso ali nalo koma zipangizo alibe, tsono adawafunira magitala, ng'oma ndi zokuzira mawu, nawapatsanso malo ophunzirira. Pambuyo pake padakula bungwe la achinyamata lotchedwa Andiamo, mawu a Chitaliyana otanthauza kuti "tiyeni", lomwe lidatsegula sukulu, malo ophunzitsira ntchito zamanja ndi chipatala. Bandiyo idakhala mbali ya ntchito zimenezi, ndipo m'kupita kwa zaka idayamba kupita ku Italy kukaimba pofuna thandizo loziyendetsera.

Mnyamata wa ku Machinga uja adaiona bandiyi ndi maso ake chapakati pa zaka za m'ma 1980, ali ku sekondale. Adagulitsa nkhuku ziwiri zimene amayi ake adampatsa, nakwera sitima pa Liwonde, n'kudzera pa Nkaya pomwe njanji ya ku Nayuchi imakumana ndi yochokera ku Blantyre. Adafika dzuwa litapendeka. Mpaka lero amakumbukira kuti chimene chidamgwira mtima sichidali kukula kwa phokoso ayi, ngakhale besi idali kumveka m'nthiti. Chidamdabwitsa n'chakuti anyamata amene adali pansanjawo adali ofanana naye: zigamba zomwezo m'mawu, Chichewa chomwecho chosakanikira Chiyao ndi Chingoni, mapazi omwewo ozolowera minga. Adaonanso kanthu kena kamene tanthauzo lake adadzalimvetsa atakalamba. Kumbali kwa nsanja kudakhala tianyamata tating'ono, tina tikukulunga mawaya, tina titangoti maso tong'o pa zala za woimba gitala. Woimba ng'oma atatsika kukamwa madzi, kamodzi mwa ito kadalumphira pampando wake, ndipo nyimbo sidaduke.

Adabwerera kumudzi mutu uli wodzaza ndi Balaka. Adauza amayi ake kuti akamaliza Fomu 2 akufuna kukapempha malo ku bandi, ngakhale onyamula mabokosi. Amayi akewo sadayankhe kanthu. Nkhani yotere m'dera limenelo mwini wake ndi malume, amene ali mwinimbumba. Malumewo adafika m'mawa mwake, namvetsera zonse ali phee. Kenaka adapempha kuti aione gitala ija. Adaitembenuza, naigogoda, n'kuiika pansi, kenaka adaiponda kamodzi kokha ndi chidendene.

"Iwe mwana," adatero malumewo, "ndagulitsa fodya wanga zaka zitatu kuti uvale nsapato kusukulu. Undionetse woimba mmodzi yekha amene adamanga nyumba ya malata ndi gitala, ndipo ine ndidzakuperekeza ndekha ku Balakako."

Mnyamatayo sadathe kutchula ngakhale mmodzi. Nkosavuta lero kuwaona malumewo ngati munthu wankhanza, koma kunena zoona sadali kulankhula zopusa. Oimba otchuka a nthawi imeneyo, amene mawu awo ankadzutsa dziko m'mawa uliwonse pa wailesi, ambiri ankayenda wapansi. Lamulo loteteza eni nyimbo lidadzakhazikitsidwa mu 1989, ndipo bungwe la COSOMA lotolera malipiro awo lidayamba mu 1992. Isadafike nthawiyo, ngakhalenso itafika, kutchuka ndi kukhuta zidali zinthu ziwiri zosadziwana. Tsono mnyamatayo adatola zidutswa za galoni, nakazitaya kudzala. Adamaliza sukulu, adapita ku koleji ya aphunzitsi, ndipo nyimbo zake zidathera pa kuimbitsa ana nyimbo ya fuko pamzere m'mawa ndi kuphunzitsa kwaya ya sukulu ndi solofa.

Koma Balaka sadaichotse m'khutu. Malipiro ake oyamba adagulira wailesi ya kaseti, ndipo kuyambira pamenepo mbiri ya bandiyo ankaitsata monga momwe munthu amatsatira mbiri ya mbale wake wokhala kutali. Zaka zimene adaikonda kwambiri ndi za kusintha kwa zinthu m'dziko muno. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi onse a Akatolika mudawerengedwa kalata ya maepisikopi yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo kalatayo idasindikizidwa ku Balaka komweko, ku makina a ansembe a Montfort, amene pambuyo pake anthu ena adawayatsa moto. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adasankha ndale za zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 adasankha Bakili Muluzi wa ku Kapoloma, m'boma lomweli la Machinga, kukhala mtsogoleri. M'chaka chomwecho mng'ono wake wa Paul, Lucius Banda, amene adakulira mu Alleluya kuyambira ali wachichepere, adatulutsa chimbale chake choyamba chotchedwa Son of a Poor Man, chimene adakajambula ku South Africa. Nyimbo ya Mabala ya m'chimbalemo idanena poyera zimene anthu adakhala akunong'onezana zaka 30. Mphunzitsiyo amakumbukira kuti adaibwereza usiku wonse mpaka mabatire adatha, ndipo ngakhale padalibenso womgwira, adapezeka atatseka mazenera mwachizolowezi.

Nthawi yomweyo Paul Banda adali ndi situdiyo yake ku Balaka yotchedwa Imbirani Yahwe, imene ambiri ankangoiti IY. Oimba ochokera m'maboma osiyanasiyana ankakhamukira kumeneko, ndipo padabadwa kaimbidwe kodziwika ndi dzina la tauniyo: rege yofatsa, yodalira kiyibodi, ndi mawu opolokozana ngati a kwaya ya kutchalitchi. Ena ankakanyoza kuti nyimbo zake n'zofanana zonse, ndipo m'kunyozako mudali choonadi pang'ono, pakuti makina amodzi ndi dzanja limodzi zikatumikira anthu ochuluka, fungo limakhala limodzi. Komabe kwa zaka pafupifupi 10, minibasi iliyonse, sitolo iliyonse ndi ukwati uliwonse m'Malawi zinkalira Balaka.

Ndiyeno padayamba chinthu chimene chidamdetsa nkhawa mphunzitsiyo. Akatswiri aja adayamba kutuluka m'modzim'modzi. Lucius adayambitsa bandi yakeyake ya Zembani mu 1997, natchuka ndi dzina loti Soldier. Adalowanso ndale, adakhala phungu wa kumpoto kwa Balaka mu 2004, adalawa ndende ya Zomba mu 2006, n'kudzabwereranso ku Nyumba ya Malamulo mu 2014. Paul nayenso adasiya kutsogolera bandiyo. Maina amene adakometsa Alleluya, monga Charles Sinetre, Foster Chimangafisi, Paul Subiri, Rod Valamanja, Isaac Liwotcha ndi Coss Chiwalo, adayamba kumveka paokhapaokha pa zikuto za makaseti. Ena adapita kwina, ena adatsala, ena imfa idawatenga akadali anyamata. Nthawi iliyonse akamva kuti wina wachoka, mphunzitsiyo ankauza anzake m'chipinda cha aphunzitsi kuti basi, ng'oma yang'ambika. Adali ndi chifukwa choganizira choncho. Mabandi ambiri a m'dziko muno amakhala ngati mthunzi wa munthu mmodzi: iye akagwa, mthunzi nawo wapita. Allan Namoko atamwalira mu 1995, kulira kwa banjo ya Chimvu River Jazz Band kudatsala pa matepi a wailesi basi. Magulu ambiri a m'mahotela amene adavinitsa anthu m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 lero atsala maina okha. Alipo ena opulumuka, monga Black Missionaries ya ku Chileka imene idapitirira Evison Matafale atamwalira mu 2001, koma ngowerengeka.

Koma Alleluya sidafe. Chaka chilichonse inkamveka kuti yaimba kwakuti, yapita ku Italy, yabwerako, nkhope zili zatsopano, dzina lili lomwelo. Mu 2018 idakwanitsa zaka 40. Mphunzitsiyo ankakondwa, koma chifukwa chake sankachifufuza. Ankangoti ndi mwayi, kapena ndi ndalama za azungu.

Adadzachifufuza mu 2024, chaka chimene chidali cholemera kwa Amalawi. Pa 10 Juni ndege idagwa m'nkhalango ya Chikangawa ndi kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, pamodzi ndi ena asanu ndi atatu. Misozi isadaume, pa 30 Juni, Lucius Banda adamwalira m'chipatala ku South Africa atavutika nthawi yaitali ndi impso, ali ndi zaka 53. Mphunzitsiyo sadapite kumaliro ku Sosola chifukwa miyendo idali itayamba kumvuta. Adangotulutsa katoni ija, nayala makaseti pamkeka, n'kumawapukuta limodzilimodzi ndi kansalu.

Ali pantchito imeneyo padafika mlongo wake wamng'ono ndi mwana wake wamwamuna. Mnyamatayo adali atalemba mayeso a Fomu 4 koma sadapeze malo ku yunivesite, ndipo kwa chaka chathunthu adakhala akungozungulira pa Ntaja, kuthandiza mnzake wokhala ndi kompyuta kupanga nyimbo za achinyamata. Mayi ake adafotokoza kuti iwo akufuna mwanayo apite ku Joni monga achitira anzake ambiri a m'deralo, akagwire ntchito iliyonse azitumiza kangachepe. Mwanayo akukana, akuti akufuna kupita ku Balaka akapeze womphunzitsa gitala ndi kiyibodi bwinobwino, aziimba m'bandi.

"Achimwene," adatero mayiwo, "mwana ndi wanuyu. Ndalama ya pasipoti kapena ya ulendo wina uliwonse ichokera kwa inu. Mulankhuleni, ine ndatopa."

Mkuluyo adamva thukuta kumsana. Adazindikira kuti wakhala pampando umene adakhalapo malume ake zaka 40 zapitazo, ndipo mawu omwe aja, a nyumba ya malata, adali atafika kale pakamwa. Adawameza. M'malo mwake adauza mlongo wakeyo kuti amsiye mnyamatayo agone komweko masiku angapo.

Usiku wachiwiri ali pakhonde, mnyamatayo pofuna kuonetsa kuti kuimba ndi ntchito yolemekezeka, adatulutsa foni yake. "Amalume, taonani izi," adatero. Pagalasi la foniyo padaoneka chipinda chachikulu cha makoma a matabwa, ndi anthu ovala zakuda atakhala m'mizere yokhota ngati mwezi watsopano. Ena adagwira mavayolini, ena zitoliro, ena malipenga opindikapindika, ndipo kumbuyo kudali ng'oma zazikulu zamkuwa. Kutsogolo kudaima munthu mmodzi ndi kandodo. Lidali gulu la mtundu umene amautcha okestra, la mumzinda wa Göteborg m'dziko la Sweden. Mkuluyo adavala magalasi, nayamba kuwerenga mitu mwauphunzitsi, koma adasokonezeka atapitirira 70.

"Kodi mwini wake wa bandi imeneyi ndani?" adafunsa. "Ndi wa kandodoyu?"

Mnyamatayo adaseka, koma atafuna kuyankha adapeza kuti sakudziwa. Adafufuza pafoni pomwepo, ndipo zimene adapeza adawerengera malume ake pang'onopang'ono. Gululo lidayamba mu 1905, Nyasaland asadalandire n'komwe dzina limenelo. Kuyambira mu 1907 mpaka mu 1922 lidatsogozedwa ndi Wilhelm Stenhammar, mmodzi mwa opeka nyimbo otchuka a dzikolo. Nyumba imene linkaimbiramo idapsa mu 1928, ndipo ina yatsopano idatsegulidwa mu 1935. Neeme Järvi wa ku Estonia adaligwira zaka 22, kuchokera mu 1982 mpaka mu 2004, ndipo m'nthawi yake, mu 1997, lidapatsidwa ulemu wotchedwa okestra ya fuko lonse la Sweden. Pambuyo pake padabweranso mnyamata wa ku Venezuela, Gustavo Dudamel, amene adalitsogolera kuyambira mu 2007 mpaka mu 2012. Oimba ake ngoposa 100, onse olembedwa ntchito ya pamwezi, ndipo mwini wake ndi boma la chigawo chimene mzindawo uli, kutanthauza kuti ndi anthu okhoma msonkho.

Mkuluyo adakhala chete nthawi yaitali. Chimene chidamlowa m'mutu sichidali kuchuluka kwa oimba kapena kukongola kwa nyumba. Chidali chakuti mwa anthu onse amene adaimba tsiku loyamba mu 1905 palibe ndi mmodzi yemwe wamoyo, wotsogolera aliyense, ngakhale wotchuka chotani, adafika, natumikira, n'kupita, nyumba idapsa, padadutsa nkhondo ziwiri za dziko lonse, koma gululo likuimbabe, ndipo anthu amalitchula ngati chinthu chimodzi chomwecho. Kumeneko woimba amalowa pampando monga mphunzitsi alowa m'kalasi. Mpandowo suli wake. Akapuma amalengeza kuti pali malo, achinyamata amabwera kudzayesedwa, wopambana n'kukhalapo. Ndipo nyimbo sizikhala m'mutu mwa munthu mmodzi, zimakhala papepala, chilichonse chimene chala chiyenera kuchita chitalembedwa, kotero kuti mwana wobadwa lero angathe kuimba ndendende zimene Stenhammar adapeka zaka zoposa 100 zapitazo.

Apa m'pamene adakumbukira kamnyamata kaja kamene kadalumphira pampando wa ng'oma. Adaona kuti chinsinsi cha Alleluya, chimene iye ankachitcha mwayi, chidali pamaso pake tsiku lomwe lija. Magitala sadali a Paul, sadali a Lucius. Adali a bandi, ndipo wochoka ankawasiya. Pambuyo pa katswiri aliyense padali wina wokulunga mawaya amene maso ake adali pa zala. Padalinso nyumba yokhazikika, ndi bungwe loti n'kugula nsambo ikaduka. Mwa njira yakeyake, yaumphawi, yopanda makoma a matabwa, Balaka idachita chimene Göteborg idachita: idamanga mpando umene umakhalitsa kuposa wokhalapo. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, koma kawirikawiri mwambiwu umamveka ngati ukunena za anthu okhala nthawi imodzi. Denga la bandi limasenzedwanso ndi mitu yosadziwana, wina atafa kale, wina asadabadwe.

Sadadzinamize kuti zinthu ziwirizi n'zolingana. Mzati waukulu wa Alleluya udachokera kutsidya kwa nyanja, ndipo mkuluyo, amene adaona mijigo yambiri ikufa azungu oikumba atangochoka, ankadziwa kuopsa kwa mzati wobwereka. Anthu a ku Göteborg amasenza okha gulu lawo ndi msonkho. Kuno phunziro la nyimbo m'sukulu zambiri za boma limathera pa bolodi, mwana n'kumaliza Sitandade 8 asadagwirepo chipangizo chilichonse, ndipo iye mwini adaphunzitsa motero zaka zonse zija. Chidamuwawa koposa ndi nkhani ya pepala. Nyimbo za Balaka zili m'mitu ya anthu ndi pa matepi onga a m'katoni mwake, amene chinyontho chikudya. Zina zidakwezedwa pa intaneti, n'zoona, koma kumva nyimbo ndi kudziwa kuiimba n'zosiyana. Kayendedwe ka zala za Paul Banda pa gitala kakapanda kulowa m'zala za munthu wina, kadzatsala ngati chithunzi cha nsima: chooneka bwino, chosakhutitsa.

Adayang'ana mwana wa mlongo wakeyo ndi maso ena. Achinyamata a lero akutha kupanga nyimbo yathunthu munthu ali yekha ndi kompyuta, ng'oma, besi ndi malipenga zonse zikuchokera m'makina, ndipo zina mwa nyimbozo n'zokoma ndithu. Koma njira imeneyo siphunzitsa munthu kudikira mnzake, kumvera woimba besi, kapena kuchepetsa mawu ako kuti a wina amveke. Mnyamatayu adali atailawa njira yachiduleyo, n'kusankha yekha yaitali. Kodi ameneyo n'kumutumiza ku Joni kukatsuka magalimoto? Komanso, kodi mayi ake adzadya chiyani m'zaka zimene iye akhale akukulunga mawaya? Funso la malume aja silidakalambe. Oimba a nyumba za malata lero alipo, ena ali ndi zoposa pamenepo, koma pa mmodzi aliyense wotere pali makumi amene amabwerera kumudzi ndi gitala yopanda nsambo.

Adazengereza miyezi yambiri. Mvula idagwa, adadzala, adapalira. Mlongo wake ankabwera Lamlungu lililonse kudzafunsa, iye n'kumangoti akuganizabe. Mu Januwale 2025 wailesi idalengeza kuti Paul Banda naye wamwalira, chaka chisadathe chimwalirireni mng'ono wake. Tsiku limenelo mkuluyo sadadye nsima yamasana. Madzulo adaitanitsa mlongo wake ndi mnyamata uja.

"Achemwali," adatero, "mbuzi ziwiri ndigulitsa. Mwanayu ndikumpatsa zaka ziwiri. Zikakanika, pasipoti ndidzamgulira ndine, ndipo sadzatsutsanso. Koma pakadali pano apite ku Balaka."

Mayiwo adapukusa mutu, nati, "Inu achimwene, mukufuna kukonzera gitala lanu lija pa mwana wanga." Mkuluyo sadakane, pakuti mwina mudali choonadi m'mawuwo. Adangotembenukira kwa mnyamatayo namuuza zoti akachite: akapeze chipinda kwa achibale, asakanyoze ntchito yonyamula mabokosi, ndipo asakathamangire kutulutsa nyimbo yakeyake asadadziwe kuimba za amene adamtsogolera. Kenaka adalowa m'nyumba, natuluka ndi kope latsopano la masamba 96, la mtundu umene ankalemberamo mapulani a maphunziro, ndi makaseti asanu amene adawasankha m'katoni muja.

"Ukakapeza munthu wodziwa kulemba nyimbo papepala, akuphunzitse," adatero. "Uyambe ndi izi. Ulembe zonse, gitala payekha, besi payekha."

"Amalume, nanga makasetiwa ndikaimbira pati? Masiku ano palibe amene ali ndi wailesi yake."

"Ku Balaka sikungasowe nkhalamba ina youma mutu ngati ine. Ukafunse."

M'mawa mwake adamkweza pa kaliyala ya njinga mpaka pamsewu, ngakhale mawondo adali kudandaula. Minibasi ya ku Liwonde idachedwa, ndipo awiriwo adakhala pamthunzi wa mtengo wa mango osalankhulana zambiri. Itafika, kondakitala adafuna kuponya chikwama cha mnyamatayo kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala, koma mkuluyo adamletsa, nati muli zosweka. Mnyamatayo adachiika pamiyendo. Galimoto itanyamuka, mkuluyo adatembenuza njinga yake, ndipo pobwerera adadzera kwa wogula mbuzi kukamuuza kuti abwere Lachisanu.